Momwe mungayezere asidi ndi besi ndi kabichi wofiira, n'kupanga buffer ndi viniga ndi soda

Mutu wa asidi ndi besi umavuta ana ambiri a sekondale chifukwa amauloweza asanauone ndi maso. Sukulu zina zilibe litmus ngakhale universal indicator, zoyezera asidi ndi besi posintha mtundu, komatu zonse zofunika zimapezeka mumsika wa Zomba ndi kukhitchini kwa mayi.

Konzani theka la kabichi wofiira, viniga woyera wa 5% (onani pabotolo), soda wophikira, mandimu, phulusa, matambula oonekera mkati asanu kapena asanu ndi limodzi, kasupuni ka tiyi ndi madzi a mvula. Kabichi akasowa, chidede chimagwiranso ntchito, koma nachonso chili ndi asidi wakewake, choncho muzithira pang'ono.

Yambani ndi madzi oyezera. Dulani kabichi ting'onoting'ono mpaka adzaze makapu awiri, muike m'mbale yagalasi kapena yapulasitiki, thirani madzi owira hafu lita, vundikirani kwa mphindi 20, kenako sefani. Madziwo atuluka a pepo. Mtunduwo umachokera ku anthocyanin, yemwe amasintha maonekedwe malinga ndi kuchuluka kwa ma hydrogen ion m'madzi, tinthu timene timachititsa madzi kukhala asidi. Musagwiritse poto wa aluminiyamu, chifukwa chitsulo chimenechi chimagwirana ndi anthocyanin n'kusokoneza mtundu.

Nkhani ya madzi musaipeputse. Madzi a pamjigo wina amakhala ndi mchere wosungunuka wa m'nthaka, ndipo amatembenuza kabichi kukhala wabuluu musanathire kalikonse. Izi zimachitika kwambiri kumadera oyandikira Nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi, motero madzi ake ndi amchere ndipo amapendekera ku besi. N'chifukwa chake tikunena madzi a mvula.

Besi wabwino ndi chidulo chomwe chija chophikira therere. Otchani zitsononkho, ikani phulusa m'chitini choboola pansi, thirani madzi pang'onopang'ono, n'kulandira odonthawo. M'menemo muli potassium carbonate wambiri.

Tsopano thirani masupuni awiri a madzi a kabichi m'tambula iliyonse, muonjezere madzi mpaka theka. Yoyamba isiyeni choncho kuti muziyerekezera. M'zinazo thirani mandimu, viniga, soda wosungunula ndi chidulo, chilichonse tambula yake ndi supuni yake. Ikani pepala loyera kumbuyo kwake. Mandimu ndi viniga afiiritsa madzi, pH yawo (muyeso wa asidi ndi besi: pansi pa 7 ndi asidi, pamwamba pa 7 ndi besi) ili pakati pa 2 ndi 3. Soda apereka buluu wopita kobiriwira, pH pafupifupi 8. Chidulo chibiriwiritsa, ndipo chikakhala champhamvu madzi amafika pa chikasu. Muyeso wa pH umenewu adauyambitsa Søren Sørensen wa ku Denmark mu 1909, ndipo anawo akumbutseni kuti kutsika ndi nambala imodzi ndiye kuti ma hydrogen ion achuluka kakhumi. Kuchoka pa 5 kufika pa 3 ndi ka 100.

Gawo lokoma kwambiri ndi la buffer, madzi amene pH yake siisuntha msanga ngakhale muthiremo asidi kapena besi pang'ono. Amafunika asidi wofooka pamodzi ndi mchere wake. Mu viniga muli acetic acid, ndipo soda akakumana naye amapanga sodium acetate (mchere wake uja), madzi ndi mpweya wa carbon dioxide. Chinsinsi n'chakuti soda adye theka lokha la asidiyo.

Yezani viniga mamililita 200 m'botolo lalikulu la lita imodzi. Muli asidi pafupifupi 0.17 mol (muyeso wa kuchuluka kwa mamolekyu), ndiye theka lake lifuna soda magalamu 7, omwe ndi kasupuni ka tiyi kamodzi ndi theka, kosalaza bwino, osati kosefukira. Thirani sodayo pang'onopang'ono mukugwedeza, ndipo botolo musalitseke. Mukathira zonse nthawi imodzi thovu lisefukira, asidi wina atayika, muyeso wonse wasokonekera. Takasani mpaka thovu litheretu. pH ikhala pafupi ndi 4.8, yomwe ndi pKa ya acetic acid, nambala yosonyeza mphamvu ya asidiyo, pakuti asidi ndi mchere wake zikafanana pH imalingana ndi pKa. Chenjerani ndi baking powder: si soda ameneyo, ali kale ndi asidi mkati mwake.

Poyesa, tengani matambula awiri. M'yoyamba ikani supuni imodzi yaikulu ya buffer, madzi theka la tambula ndi masupuni awiri a madzi a kabichi. M'yachiwiri ikani madzi ndi kabichi chimodzimodzi, kenako dontho limodzi kapena awiri a viniga mpaka mitundu ifanane. Apa m'pamene ambiri amadumpha, koma popanda kufananitsa koyambaku mwana sakhulupirira zomwe akuona. Thirani kasupuni kamodzi ka chidulo m'iliyonse. Yachiwiri ibiriwira pomwepo. Yoyamba ingoti phee, mtundu uli womwewo, chifukwa acetic acid wotsala uja wameza besi yense. Mukathira mandimu pang'ono m'malo mwa chidulo, acetate ndiye amagwira ma hydrogen ion obwerawo.

Pitirizani kuthira chidulo mu buffer muja, mukuwerenga masupuni. Ifika nthawi mtundu ugwa mwadzidzidzi, asidi wosungidwa uja watha. Bwerezani ndi masupuni awiri a buffer: mtundu woyambira ukhala womwewo, koma chidulo chofunika chikhala pafupifupi kawiri. Magazi a munthu amasungidwa pakati pa pH 7.35 ndi 7.45 mwa njira yomweyi, kudzera mwa carbonic acid ndi bicarbonate.

Asidi wa mubatire ya galimoto ndi caustic soda zisayandikire ana, zimaotcha khungu ndi maso. Jik nayenso musamuyese: amangofufuta mtundu wa kabichi, ndipo akasakanikira ndi viniga amatulutsa mpweya wa chlorine womwe umapweteka mapapo. Chidulo chikalowa m'diso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15.

Madzi a kabichi amasasa pakapita masiku awiri kapena atatu ngati mulibe filiji. Kuti akhalitse, viikani pepala loyera losanyezimira m'madzi a kabichi okhathamira, liumitseni pamthunzi, lidulenidule ngati zala, n'kusunga mu envelopu pamalo pouma.