Kawotchedwe ka pargo, nsomba yofiira ya m'nyanja ya mchere

Mukafika kuno ku Beira, musabwerere musanalawe pargo. Ndi nsomba yofiira ya mano akuthwa kutsogolo, imakhala m'miyala ya m'nyanja ya Indian, ndipo mnofu wake ndi woyera, wogwirana, wopanda timinga tosautsa. Ine ndimakagula ku msika wa nsomba wa Praia Nova m'mawa, asodzi akangokocheza.

Sankhani ya kilogalamu 1 kapena 1.5. Yaikulu kwambiri imapserera kunja m'kati musanapse. Maso akhale owala, makha ofiira ngati magazi, ndipo mukadina ndi chala mnofu ubwerere. Ikamveka fungo lolasa m'mphuno, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo.

Musanapale mamba, dulani kaye zipsepse za pamsana ndi sizasi. Minga yake imabaya zedi, chala n'kutupa. Mamba ake ndi olimba kuposa a chambo, choncho paleni panja, kuchokera kumchira kupita kumutu. Tumbulani, chotsani makha, kandani magazi akuda amene amamatirira ku fupa la msana, chifukwa ndi amene amawawitsa nsomba. Mutu musadule ayi. M'masaya mwake ndi momwe muli mnofu wokoma kuposa ponse.

Chekani mizere itatu mbali iliyonse mpaka mpeni ukhudze fupa. Sinjani adyo, mchere ndi piri-piri mu kamtondo, finyirani ndimu imodzi, thirani mafuta ophikira pang'ono, kenaka pakani m'mizeremo ndi m'mimba. Ikhale mphindi 30 basi. Mukaisiya nthawi yaitali, ndimu imafewetsa mnofu, nsomba n'kumanyenyeka pa waya.

Pamoto ndi pamene ambiri a kwathu timaiwononga. Tinazolowera kukazinga nsomba mpaka iume gwa, koma pargo safuna zimenezo. Dikirani makala achite phulusa pamwamba, malawi atazima. Waya atenthe kaye, mum'pake mafuta. Ikani nsomba ndipo musaigwiregwire kwa mphindi 8 mpaka 10. Khungu likapsa limadzimatula lokha. Ngati likukakamira, nthawi yotembenuza sinakwane. Tembenuzani kamodzi kokha. Ine mbali yachiwiri ndimaiwaza mkaka wa kokonati wosakaniza ndi zokometsera zotsala zija, monga amachitira anthu a ku Quelimane akamawotcha nkhuku.

Bayani ndi mpeni pafupi ndi mutu. Mnofu ukayera n'kumasiyana ndi fupa, phulani msanga, madzi ake akadalimo. Imayenda bwino ndi mpunga wa kokonati, koma kunyumba kwanga ndi nsima, ndi tomato ndi anyezi wosaphika pambali.