Kamvedwe ka nyimbo zoseketsa: musaimire pa phwete

Loweruka lililonse ndimanyamula sipika ndi laputopu kupita kumene Amalawi asonkhana, muno mu Johannesburg, kaya ndi chinkhoswe ku Rosettenville, kaya ndi phwando la mwana ku Turffontein. Nyimbo zimene zimadzutsa anthu pamipando msanga ndi zoseketsa, ndipo dzina limene amandipempha kawirikawiri ndi la Joe Gwaladi, mwana wa ku Phalombe uja amene anatchuka pogulitsa yekha nyimbo zake m'misika. Anthu amafa nalo phwete, ena mpaka kugwira m'mimba. Chimene chimandiwawa n'chakuti nyimbo ikatha amangoti "koma mkulu ameneyu ndi wamisala," basi nkhani yathera pomwepo. Munthu wamisala sangakuuzeni za banja, matenda ndi umphawi mpaka inu kudziona nokha m'menemo. Ndiye ndati ndilembe mmene ine ndimamvetsera oimba otere.

Choyamba, ichotseni nyimboyo pagulu. Paphwando khutu limamva ng'oma ndi kuseka kwa mnzako, mawu amangodutsa. Ikani mahedifoni m'mawa muli mu takisi yochokera ku Bree, kapena usiku mwaweruka, ndipo muimve katatu. Ulendo woyamba sekani ndithu, musadziletse. Wachiwiri tsatirani nkhani: akulankhula ndani, akuuza ndani, chachitika n'chiyani. Wachitatu tengani cholembera mulembe mawu onse mzere ndi mzere, ngakhale ovuta kuwatchula pamaso pa apongozi. Mawu akakhala papepala, opanda gitala, mudzaona kuti pali mzere umodzi kapena iwiri imene siseketsa m'pang'ono pomwe. Ichongeni. Nthawi zambiri woimbayo anapekera nyimbo yonse mizere imeneyo, zinazo ndi shuga wokutira mankhwala owawa.

Kenako dzifunseni kuti amene akusekedwa ndani. Apa m'pamene ambiri timaphonya. Timaganiza kuti tikuseka mayi wa m'nyimbomo, pamene chala chikuloza mwamuna amene anamusiya ndi ana anayi, kapenanso ife amene tikuvinafe.

Luso limeneli si lachilendo kwathu. Agogo athu aakazi ankaimba pamtondo, munsi uli m'manja, kudandaula za mwamuna waulesi kapena mpongozi wolongolola, mudzi wonse n'kumamva, koma palibe akanawaimba mlandu poti ndi nyimbo. Ku bwalo la Gule Wamkulu n'chimodzimodzi: chilombo chimakuseketsa uku chikukudzudzula khalidwe. Ndipo kuchokera mu 1968, pamene boma la Kamuzu linakhazikitsa lamulo lounika nyimbo, mabuku ndi zisudzo, woimba wofuna kugona kunyumba kwake anayenera kudziwa kuphiphiritsa. Choncho mukamva nyimbo ya kwathu ikukamba za galu, nkhuku kapena ndiwo, musafulumire kukhulupirira kuti nkhani ndi ya ndiwo.

Pamene mawu akukuvutani, funsani akuluakulu. Chichewa cha ku Phalombe ndi Mulanje chili ndi mawu ake amene mwana wa ku Kasungu kapena wobadwira konkuno sangawatole. Ine ndili ndi amalume anga ku Mayfair, telala, amene anakulira kum'mwera. Ndimawapititsira pepala langa lija Lamlungu, iwo n'kuvala magalasi, makina osokera ataima. Tsiku lina ndinawatengera nyimbo ya woimba wina, yoseka mwamuna amene anapita ku Joni n'kumangotumiza zithunzi atavala jekete, ndalama osatumiza. Anawerenga mpaka pansi osaseka. Kenako anati, "Mphwanga, nyimboyi ndi ya matchona. Bambo anga anapita ndi Wenela ine ndili wakhanda. Amayi ankaimba zoterezi posinja, anthu n'kumaseka, iwo akalowa m'nyumba n'kumalira." Anandikumbutsanso za ndege ya Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku Joni, imene inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, Kamuzu n'kuimitsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi. Kuyambira tsiku limenelo nyimbo ija sindiimva ngati kale, pakuti nanenso ndili ndi mwana ku Machinjiri amene amandidziwira pa WhatsApp.

Musaiwale zala. Woimba woseketsa timamuyesa wongobwebweta, koma tcherani khutu ku gitala yekha, mawu muwasiye kaye. Mverani mmene chala chachikulu chikugwirira besi pamene zinazo zikuyankha pamwamba, ndi mmene amapumira kuti mawu oseketsawo agwere pamalo pake enieni. Kuseketsa kumafuna kudziwa nthawi kuposa kuliritsa. Ukachedwa pang'ono chabe, nthabwala yafa. Ngati mukufuna kudziwa kumene kaimbidwe kena ka kum'mwera kanachokera, funafunani nyimbo za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene ankaimba kwela, nyimbo ya chitoliro imene inakulira m'misewu ya Johannesburg yomwe ino m'zaka za m'ma 1950. Zojambulidwa zakale za Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, nazonso n'zothandiza. Iye anayenda mu Nyasaland akujambula nyimbo za m'midzi, ndipo nkhokwe yake ya nyimbo inayambira ku Roodepoort, pafupi ndi Johannesburg, mu 1954 isanasamukire ku yunivesite ya Rhodes.

Kwa anzanga oika nyimbo paphwando: malo amene mwaiika nyimbo ndi amene amauza anthu kamvedwe kake. Mukaiponya pakati pa amapiano usiku mowa utakwera, idzangokhala phokoso. Ine ndimaika imodzi nthawi ya chakudya, anthu atakhala pansi ndi mbale za nsima, sipika nditatsitsa kuti mawu amveke. Sindilankhulapo kanthu pa maikolofoni. Ikatha ndimasiya kamphindi ndisanaike ina.

Ndipo lipirani. Nyimbo zimenezi timangopatsana pa foni ndi pa memori khadi, woimbayo osaona ngakhale tambala. Mukapita kumudzi pa Khirisimasi n'kumupeza akuimba pamsika, gulani kwa mwini wakeyo, musanenerere mtengo.

Mwezi watha ku Rosettenville ndinachita monga ndanenamu, ndinaika nyimbo ya matchona ija anthu akudya. Poyamba kunali kuseka tebulo lonse. Itafika pakati, achimwene ena amene amagwira ntchito ya ulonda ku Booysens anasiya mbamu m'mbale, anasamba m'manja, n'kutuluka panja ndi foni. Atabwerera anadzaima pafupi ndi sipika n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, ibwerezeni ija, koma mukweze pang'ono. Alamu anu ali pa foni, akufuna aimve."