Mmene mungaikire mitengo m'mapulani a chitukuko cha chigawo

Mapulani ambiri a chitukuko amene ndawerengapo amaika nkhalango kumapeto kwenikweni, pambuyo pa feteleza, misewu ndi misika, ndipo pamenepo pamangolembedwa chiwerengero cha mbande zoti zibzalidwe. Zimandiwawa, chifukwa ulimi wothirira umene uli pa tsamba loyamba umadalira phiri limene laiwalika pa tsamba lomaliza. Ngati mwapatsidwa ntchito yokonza mapulani otere, ndikupemphani muyende motere.

Yambani ndi madzi. Tengani mapu, mulondole mtsinje uliwonse umene umathirira minda kapena kudzaza damu mpaka kumene ukuchokera, ndipo malo amenewo muwazungulize ndi cholembera musanagawe malo a china chilichonse. Mvula ikagwa paphiri la mitengo, masamba ogwa ndi mizu zimaichedwetsa, yambiri imalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono. Paphiri lometedwa imathamanga tsiku lomwelo, itasenza dothi lapamwamba kukakwirira ngalande ndi madamu. Mzinda wa New York unaiwerengera nkhaniyi mu 1997. M'malo momanga malo osefera madzi a madola mabiliyoni, unagwirizana ndi anthu a kumapiri a Catskill, kumene kumachokera madzi ake ambiri, n'kumagula malo ena ndi kuthandiza alimi kusamala mitsinje.

Mukatero, yankhani funso limene okonza mapulani ambiri amalizemba: mtengo ukakula, ndi wa ndani? Mlimi amene akudziwa kuti adzalipitsidwa chindapusa akadula nthambi m'munda mwake mwini sangalole mphukira kukula, amaizula idakali yaing'ono. Zinali choncho ku Niger. M'zaka za m'ma 1980, Tony Rinaudo, katswiri wa zaulimi wa ku Australia, akugwira ntchito m'dera la Maradi, anaona mbande zobzalidwa zikufa pamene zitsa zakale m'minda zinali zamoyo, zikuphukira chaka chilichonse. Alimi atayamba kusamala zitsazo, boma n'kuwalola kupindula ndi mitengo ya m'minda mwawo, mitengo pafupifupi 200 miliyoni inamera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni. Ku Nepal, lamulo la nkhalango la 1993 linapereka nkhalango zambiri m'manja mwa magulu a anthu okhala pafupi nazo. Choncho umwini ulembedwe momveka, ndipo wosamala mtengo akhale ndi pepala lomulola kudulira ndi kugulitsa.

Ndiye musanapereke ndalama ku nazale, tumizani alangizi akawerenge zitsa. Ntchito yake njophweka. Pachitsa chilichonse sankhani mphukira zowongoka ndi zamphamvu zosapitirira zisanu, zina zonse mudule. Pa zotsalazo sadzani nthambi za m'munsi kufikira theka la msinkhu wake, ndi mpeni wakuthwa, mukudula chokweza kuti khungwa lisang'ambike. Mphukira imeneyi ikudya kuchokera ku mizu yakale yozama, n'chifukwa chake imapirira chilala kuposa mbande yochokera m'chubu.

Pamene pakufunikadi kubzala, mapulani atchule mtengo ndi malo ake. Msangu ndi wa m'munda: umayoyola masamba m'nyengo ya mvula, mbewu n'kumalandira dzuwa, ndipo masambawo amawonjezera chonde. Bulugamu amakula msanga ndipo mapolo ake ali ndi msika, koma amamwa madzi ambiri, kotero asayandikire akasupe ndi madambo. Ku South Africa, lamulo la madzi la 1998 limaona minda ikuluikulu ya mitengo yamalonda ngati ntchito yochepetsa madzi m'mitsinje, ndipo wobzala amafunika chilolezo.

Nkhani ya ndalama ndi imene imagwetsa mapulani abwino. Paini amatenga zaka 20 kapena kuposerapo kuti acheke matabwa, koma banja likufuna ndalama chaka chino. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ikanimo zopindulitsa msanga: ming'oma ya njuchi, nkhuni zochokera ku nthambi zosadzidwa, zipatso, masamba odyetsa ziweto. Kumene nkhalango ikusungidwira anthu a kumunsi kwa mtsinje, ganizirani zowalipira akumtunda. Costa Rica inakhazikitsa lamulo lotere mu 1996, ndipo kuyambira 1997 eni malo osunga nkhalango amalandira ndalama zochokera makamaka ku msonkho wa mafuta a galimoto. Lero nkhalango zikuphimba kuposa theka la dzikolo.

Za makala musangolemba mawu akuti "tiletse". Anthu opitirira 2 biliyoni padziko lapansi amaphikira nkhuni ndi makala, ndipo tauni ikamakula njala ya makala imakula nayo. Werengerani kuti matauni a m'chigawo chanu amatha ochuluka bwanji, mupatule malo obzala mitengo ya nkhuni pafupi nawo, mupereke ziphaso kwa owotcha amene akubzala. Makina ochekera matabwa ndi msewu wake zikhale kumene kuli mitengo, kuti ntchito zitsale komweko.

Pa bajeti, ndalama zolambulira njira zotchinga moto ndi zotetezera mbande ku mbuzi zikhale ndi mzere wakewake wa zaka zitatu. Lipoti la alangizi lisamafunse kuti mwabzala ingati. Lizifunsa kuti ili moyo ndi ingati pakutha pa chilimwe chachitatu, ndipo ndalama za chaka chotsatira zizituluka potengera yankho limenelo.