Musanathire fulo, yambani mwakonza pansi pake

Fulo ikayamba kung'aluka kapena kumveka mphako mukamayenda anthu amathamangira kunena kuti simenti inali yabodza, koma nthawi zambiri vuto limakhala pomwe fuloyo inakhalapo. Kuno ku Mzuzu nde zimanyanya chifukwa mvula yathu ija sidziwa kusiya, anzathu aku Lilongwe ayiwala kale ife ikadagwabe mpaka Epulo, ndiye ngati puloti yanu ili chakudambo monga mbali zina za Chibavi kapena Mchengautuwa chinyontho chimakwera chokha kuchokera pansi.

Ngati silabu, konkire yemwe fulo imakhalapo uja, simunathire yambani ndi dothi. Lakuda lapamwamba lija chotsani lonse ndi mizu yomwe, limawola n'kutitimira. Lodzazira muzithira pang'onopang'ono, masentimita 15 basi, wazani madzi, sinjani, kenako lina. Anyamata aganyu amakonda kukhuthula mawilibala onse kamodzi n'kusinja pamwamba pokha kuti aweruke msanga, ndiye muziima pompo, makamaka akafika m'makona. Pamwamba pake njerwa zoswa kapena miyala, sinjaninso, kenako kamchenga kotseka mipata kuti pepala lisabooke. Mankhwala a chiswe poperani pamenepa. Pepala lakuda lomwe amisiri amati DPM lija polumikiza lizipitirirana masentimita osachepera 15, ndipo m'mphepete likwereko khoma. Silabu ithiridwe pamwamba pa pepalali.

Koma ambiri silabu ilipo kale, nyumba yafoleredwa, pulasitala watha. Apa nde pomwe anthu amachitira ulesi. Tayang'anani silabuyo bwinobwino: zibuma za matope a pulasitala zomwe zinagwa n'kuumira pompo, katondo wobwera ndi majombo, laimu, pena pake pakona pomwe alonda amaphikira pali phulusa ndi mafuta. Fulo singagwire pa zimenezo olo mutagula simenti yodula bwanji. Tengani tchizulo ndi hamala mugobe zonse. Ngati silabu anaisalaza kwambiri ijompheni paliponse ikhale yokhakhala, ndipo muziyenda mukugogoda, pomwe pakumveka mphako kapena pakufumbutuka swani muthire konkire wina. Ming'alu ikulitseni pang'ono mutseke. Kenako burashi yawaya, tsache, madzi. Pakauma sisitani ndi chikhatho, chikatuwa ndi fumbi dziwani kuti simunathe, bwerezani.

Mapaipi amadzi ndi amagetsi odutsa pansi alowe panopa, musadzagumule fulo yatsopano.

Za levulo musadalire diso la bilidala, olo akhale mkulu wodziwa. Tengani kapaipi koonekera mkati kothira madzi kaja, lembani mzere pakhoma kuzungulira nyumba yonse mita imodzi kuchokera pomwe fulo ithere, ndiye muziyeza kutsika kuchokera pamzerewo. Ikani timilu ta matope motalikirana mamita awiri kuti thabwa losalazira lizidzatsamira pamenepo. Fulo ikhale masentimita 2.5 mpaka 4, ikapyapyala kuposa apo imasweka ngati chigoba cha dzira. Kubafa ndi pakhonde kumbukirani kupendeketsa pang'ono kuti madzi azituluka, komanso yesani ngati zitseko zizidzatseguka, makamaka ngati mukufuna kudzaika matailosi pamwamba.

Mawa lake mukuthira, lero madzulo nyowetsani silabu yonse imwe ikhute, apo bii imayamwa madzi am'matope fulo n'kuuma isanagwire. Koma m'mawa pasakhale zithaphwi, ndipo mu Juni kapena Julaye ndi kuzizira kwa kunoku madzi sauma msanga, ndiye sesani kapena pukutani ndi chiguduli pangokhala ponyowa chabe.

Chomaliza sungunulani simenti ndi madzi okha, ikhale yamadzimadzi koma yogwirako, muzipaka ndi burashi kachigawo kakang'ono komwe muthirepo nthawi yomweyo. Osapaka chipinda chonse kamodzi ayi, ikauma imasanduka fumbi lomwe lija munavutika kuchotsa. Matope a fulo simenti imodzi ku mchenga wa kumtsinje itatu kapena inayi, wosefa wopanda dothi, ndipo akhale okonzeka pambali musanayambe kupaka.