Kuwerenga masiku a chonde ndi kudziwa chimene chimatseka njira ya mimba

Banja likatha chaka popanda mphatso, maso a abale onse amakhala pa mkazi. Kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota amayi amazungulira kwa asing'anga mpaka ndalama za mpunga kutha, pamene bambo sanayezedweko ndi kamodzi komwe. Chonsecho mimba imachokera pa kukumana kwa mbewu ya bambo ndi dzira la mayi, ndipo pa mabanja pafupifupi theka amene akuvutika kubereka, vuto limapezekanso kwa bambo. Kuti mudziwe pagona vuto, tsatirani njira imene mbewu ndi dzira zimadutsa.

Mbewu imapangidwa m'machende. Machende amalendewera kunja chifukwa mbewu sipangika bwino pa kutentha kwa m'thupi, komwe ndi madigiri 37. Imafuna pozizirirapo ndi madigiri 2 kapena 3. N'chifukwa chake kukatentha thumba lake limatsika, kukazizira limakwinyika. Mbewu kuti ipangike pamatenga masiku pafupifupi 70, kenaka imakakhwimira m'kachubu kopindikapindika kuseri kwa tchende lililonse, kamene atakatambasula kangafike mamita 6. Ndiye bambo akagwidwa ndi malungo aakulu mu Febuluwale, mbewu yake ikhoza kukhala yochepa mpaka cha mu Meyi. Musathamangire kumutcha gojo.

Kuchokera apo mbewu imakwera ndi chubu china kupita kuseri kwa chikhodzodzo. Kumeneko kuli timatumba tiwiri timene timapanga madzi ambiri a umuna, ndipo pulositeti, imene yazungulira njira ya mkodzo, imathirapo ake. Umuna ndi mbewu si chinthu chimodzi. Umene umatuluka pa nthawi imodzi sukwana n'komwe supuni yaing'ono ya tiyi kwa abambo ambiri, mamililita 1.5 mpaka 5, ndipo mbewu ndi kagawo kochepa chabe ka madziwo. Bambo akhoza kukhala wamphamvu kuchipinda, umuna n'kumatuluka woyera ndi wolimba, koma mulibe mbewu ndi imodzi yomwe. Maso sangaone zimenezi, koma makina a ku labu.

Kwa mayi, kumbali zonse ziwiri za chiberekero kuli timatumba ta mazira, kalikonse kotalika masentimita 3. Mtsikana amabadwa ndi mazira ake onse, oposa 1 miliyoni, koma amene adzakhwime moyo wake wonse ndi pafupifupi 400. Mwezi uliwonse dzira limodzi limatuluka n'kulowa m'chubu chotalika masentimita 10 mpaka 12, chimene mkati mwake muli timaubweya tokankha dzira. Muchubumu ndi mmene mbewu imakumana ndi dzira, osati m'chiberekero ayi. Zikakumana, pamatha masiku 6 mpaka 10 kuti kamluza kafike n'kukhazikika m'chiberekero, chimene chimakhala chitayala kale mphasa ya magazi. Dzira likapanda kukumana ndi mbewu, mphasa ija imayalulidwa, ndipo ndiwo msambo. Si magazi oipa, ndipo saononga ndiwo kapena mbewu za kumunda.

Tsopano kuwerenga. Dzira likatuluka limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 okha, pamene mbewu ikhoza kudikira m'thupi la mayi mpaka masiku 5. Choncho masiku a chonde ndi asanu dzira lisanatuluke, kuphatikiza tsiku lotulukalo.

Tengani kope kapena kalendala. Tsiku limene magazi ayamba kutuluka ndi tsiku 1. Werengani mpaka tsiku lomaliza musanayambenso kusamba. Umenewo ndi mwezi wanu, ndipo ukakhala pakati pa masiku 21 ndi 35 uli bwinobwino. Ambiri amalakwitsa poyamba kuwerenga tsiku limene amaliza kusamba, ndipo masamu onse amasokonekera pomwepo. Lembani miyezi 6. Pa mwezi waufupi kwambiri chotsanipo 18, pa wautali kwambiri chotsanipo 11. Ngati waufupi unali masiku 27, wautali 30, ndiye kuti masiku oyenera kuwayang'anira ndi kuyambira 9 mpaka 19. Dzira lenilenilo limatuluka pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanayambe, kotero "tsiku la 14" limene anthu amaloweza ndi la amayi a mwezi wa masiku 28 okha. Wa masiku 33 dzira lake limatuluka cha pa 19.

Thupi nalo limanena. Khomo la chiberekero limatulutsa chikazi chimene chimasintha m'kati mwa mwezi. Mukangomaliza kusamba kumakhala kouma, kenaka kumabwera chomata choyererako. Dzira likayandikira chimakhala choonekera, choterera, chotanuka pakati pa zala ngati therere. Chimenechi ndicho chimadyetsa mbewu n'kuitsogolera kulowa m'chiberekero. Ofuna mwana azikhalira limodzi tsiku lililonse kapena kudumphitsa tsiku limodzi pa nthawi imeneyi. Ndipo apa tikupemphani ndi mtima wonse, amayi: lekani kuika zitsamba, nsalu kapena sopo m'njira ya abambo pofuna kuumitsa. Mukuchotsa madzi amene mbewu ikuwadalira, komanso mukusupula khungu n'kutsegulira khomo matenda, kuphatikizapo HIV.

Ofuna kulera asadalire kalendala ngati akuyamwitsa, angosiya jakisoni, kapena miyezi yawo imasinthasintha. Ndipo wosiya jakisoni wa miyezi itatu asade nkhawa msanga, chifukwa mazira amatha kuchedwa kuyambiranso kwa miyezi ingapo, ena mpaka chaka.

Machubu a mayi ndi opyapyala, sachedwa kutsekeka. Chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana amakwera mwakachetechete, nthawi zambiri mayi osamva kanthu, n'kusiya zipsera m'chubu. Bambo akamva kuwotcha pokodza kapena kuona mafinya, iye ndi mkazi wake onse alandire mankhwala ndi kumaliza, osati makapisozi awiri a pa golosale.

Koma kwa ife a m'mbali mwa nyanja pali mdani wina amene sakambidwa mokwanira: likodzo. Wochapa ku Senga Bay kapena ku Chipoka, wolima mpunga ku Lifuwu, msodzi wa ku Chia, onse amaponda madzi okhala ndi nkhono zimene zimasunga tizilomboti. Anthu amadziwa zokodza magazi basi. Mazira a tizilomboti amakakamiranso pa khomo la chiberekero, m'njira ya abambo ndi m'machubu, ndipo mayi amamva kuyabwa, kupweteka pogonana, kapena kuona magazi akamaliza. Kwa bambo amalowa m'pulositeti ndi m'timatumba ta umuna tija, umuna n'kumatuluka ndi magazi kapena wachikasu. Mabanja amayambana pa zimenezi poganizirana chiwerewere, mayi n'kumwa mankhwala a matenda opatsirana katatu osachira. Muuzeni dokotala kuti mumagwira ntchito m'madzi. Mankhwala a likodzo ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, omwa mutadya. Amapha tizilombo koma zipsera zakale sizichoka zonse, choncho musadikire. Magazi otuluka mukatha kugonana angakhalenso chizindikiro cha khansa ya khomo la chiberekero, imene imayezedwa ndi viniga m'mphindi zochepa. Pemphani kuti akuoneni zonse ziwiri.

Chubu chokhala ndi chipsera chimathanso kukola kamluza panjira, mimba n'kuyamba kukulira momwemo. Mayi amene wadumphitsa msambo, akumva kupweteka mbali imodzi ya chinena, akuona timadontho ta magazi akuda, chizungulire kapena kupweteka paphewa, apite nthawi yomweyo ku chipatala chachikulu cha boma ku Salima kapena ku Nkhotakota, ngakhale pakati pa usiku. Chubu chikaphulika magazi amatayikira m'mimba osaoneka kunja, ndipo chimafunika ndi opaleshoni.

Ngati mwakhala chaka osalera koma mimba osaoneka, kapena miyezi 6 mayi akapitirira zaka 35, pitani nonse awiri mutatenga kope lija. Yambani ndi bambo, chifukwa kuyeza umuna n'kosavuta kuposa kuunika machubu. Akhale masiku 2 mpaka 7 osagonana, apereke umuna wonse m'kabotolo ka kuchipatala, osati m'kondomu, ndipo ufike ku labu ola lisanathe. Mbewu zikapezeka zosakwana 16 miliyoni pa mililita, ayezenso pakatha miyezi itatu, mbewu zatsopano zitapangika.