Mukafuna kujambula filimu ya nkhondo kuno ku Mzuzu

Achinyamata amene amabwera kudzabwereka maikolofoni kwathu ku Chibavi, ambiri amafuna filimu yawo iyambe ndi kuwomberana: mfuti zambirimbiri, utsi, anthu akugwera m'matope. Ine ndimawauza kuti ndalama zimene tili nazo sizingakwanitse kuonetsa bwalo lonse la nkhondo. Zimene tingakwanitse ndi kutsata munthu mmodzi amene nkhondo yamupeza, n'kumuonetsa bwino lomwe mpaka oonera amudziwe ngati mbale wawo.

Nkhani zake sizili patali. Mu August 1914 sitima ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili padoko kutsidya kwa nyanja yathuyi. Pa 9 September chaka chomwecho Ajeremani anaukira boma la Karonga, ndipo manda a ena mwa amene anafa tsikulo alipo mpaka lero. Asilikali a Keyala, King's African Rifles, anakamenyanso nkhondo ku Burma mu 1944. Pali za pa 3 March 1959 ku Nkhata Bay. Pali Operation Bwezani ya mu December 1993, imene inabuka apayoniya atawombera asilikali konkuno ku Mzuzu. Palinso anyamata athu asanu ndi mmodzi amene anaphedwa ku DRC mu November 2018, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, amene bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo mu 2019.

Mutandifunsa ine, filimu yanu yoyamba ikhale ya mtengatenga. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko muno anatengedwa kukasenza chakudya ndi zipolopolo, kuchuluka kwake kuposa asilikali kutalitali. Mafumu ankalamulidwa kupereka amuna, ena n'kumathawira kutchire, ambiri n'kufera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo. Mtengatenga safuna mfuti. Akufuna mtolo pamutu, nkhata, nsanza ndi mapazi ong'aluka, zonsezo mungazipeze. Nkhani za 1993 ndi za ku DRC n'zamphamvu, koma eni ake ali moyo, amasiye akadalira. Musatchule dzina la munthu weniweni abale ake asanavomere, ndipo akakana, zisiyeni.

Musanalembe tsamba ngakhale limodzi, kacheze ndi akuluakulu. Yambirani kwa amfumu, tengani ka shuga ndi sopo, kamera isiyeni m'chikwama tsiku loyamba. Mafunso aakulu monga akuti nkhondo inali bwanji sabala kanthu. Funsani zing'onozing'ono: "Agogo, bambo anu atabwerako ankagona bwino usiku? Ankaimba nyimbo yanji akamalima? Ndi chakudya chanji chimene ankachikana?" Mayi wina wachikulire wa cha ku Ekwendeni anandiuza kuti agogo ake aamuna, chibwerereni kunkhondo, sankalola munthu kuyenda kumbuyo kwawo, ankaima pambali kuti udutse kaye. Kanthu koteroko mukakaika mufilimu simufunikanso kufotokoza kuti munthuyu anaona zoopsa. Mukapite ku nyumba yosungira mbiri ku Karonga, mukaonenso zithunzi zakale za Akeyala kuti maso anu azolowere maonekedwe awo.

Zovala ndi malo ndi pamene mafilimu athu ambiri amagwera. Msilikali wa 1914 ankavala kabudula wa khaki ndi chisoti chopanda mlomo, osati mawangamawanga a masiku ano. Gulani nsalu ya khaki, telala wa mumsika asoke, kenako muiviike mu tiyi kapena khofi wakuda, muipake katondo m'mawondo ndi m'khosi, muiyanike padzuwa masiku angapo. Chovala chatsopano chimaoneka msanga pakamera. Atengambali aakazi amasule mesh, aamuna amete bwino. Mzuzu weniweniyu kunalibe nthawi imeneyo, anayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940, ndiye m'tauni mulibe poti mungaloze kamera. Mitengo ya paini ya ku Chikangawa ndi yokongola, koma inabzalidwa nkhondo zonse ziwiri zitatha kale. Funani nkhalango yachilengedwe, ndipo musanayambe kujambula, mmodzi ayang'ane chithunzi chonse ngodya ndi ngodya: waya wamagetsi, denga la malata, nsanja ya foni, jumbo yokodwa pa chitsamba.

Mfuti zikhale zamtengo. Kalipentala waluso, mukamupatsa chithunzi cha Lee-Enfield, mfuti ya Akeyala, ndi miyeso yake, amasema bwinobwino n'kuikapo kapaipi kutsogolo. AK-47 isapezeke m'manja mwa Mkeyala. Mfuti yeniyeni isafike pamalo ojambulira ngakhale mwini wake atalumbira kuti mulibe chipolopolo, ndipo makombola pafupi ndi udzu wouma wa mu September ndi kuitana moto wolusa. Kung'anima kwa mfuti mudzakuika pa kompyuta. Magazi timapanga ndi shuga wosungunula, utoto wofiira wa m'zakudya ndi khofi pang'ono kuti ade.

Ngakhale mfutizo ndi zamtengo, lembani kalata kupolisi yonena tsiku, malo ndi zimene mudzanyamule. Ngati nkhani yanu ikufuna yunifolomu yofanana ndi ya asilikali a lero, pemphani chilolezo kwa akuluakulu a asilikali, chifukwa munthu wamba saloledwa kuivala. Nkhalango ya boma ili ndi eni ake ku ofesi ya zankhalango, mudzi uli ndi amfumu. Anthu oyandikana nawo auzeni dzulo lake kuti asadzidzimuke.

Funani msilikali wopuma ntchito, mumulipire, akhale nanu kuyambira pa zokonzekera. Kuno kuli Moyale Barracks, ndipo tsiku loonetsa filimu m'holo mudzakhala asilikali, akazi awo ndi ana awo. Wina akagwira mfuti ngati khasu kapena kupereka sawatcha ndi dzanja lolakwika, adzaona nthawi yomweyo ndipo sadzakhulupiriranso china chilichonse. Za gulu loguba, musavutike kuphunzitsa anzanu a ku koleji. Pitani ku Nkhata Bay mukagwirizane ndi gulu lovina malipenga. Guleyu anachokera ku perete wa asilikali, ndipo amuna amenewo mzere, phazi ndi kumvera lamulo ali nazo kale m'thupi.

Tsopano mawu, amene ndi ntchito yanga. Nkhondo imene simungathe kuionetsa mungathe kuimveketsa. Ikani kamera pankhope ya mtengatenga wabisala kuseri kwa chulu, kuwomberana kumveke kutsidya kwa phiri. Mfuti yakutali simveka ngati ya m'mafilimu a karate. Imamveka yogonthera, phokoso lake n'kubwerera kuchokera m'mapiri. Yapafupi imadula makutu, kenako pamatsala kachetechete, mbalame zonse zitasiya kulira. Kachetechete ameneyo musamudzaze ndi nyimbo. Maikolofoni ya pakamera musaidalire. Imangeni kunsonga kwa nsungwi, ikhale pamwamba pa wolankhula, muiveke kansalu kaubweya chifukwa cha mphepo. Padera jambulani kupuma kwa munthu wotopa, mapazi pamasamba ouma, chingwe chikulira pamtolo, madzi akukhuthukira m'chikho. Pamalo alionse, onse akhale chete mphindi imodzi mujambule phokoso la malowo, lidzakuthandizani polumikiza. Adani anu ndi njinga zamoto za kabaza, chigayo ndi zokuzira mawu za kutchalitchi, choncho Lamlungu si tsiku lojambula, ndipo m'bandakucha ndi nthawi yabwino kuposa masana.

Zilankhulo muzisiye mmene zinalili. Akeyala a kuno ankalamulidwa m'Chinyanja, asilikali akuda a Ajeremani ankalankhula Chiswahili, anthu a m'midzi ya ku Karonga Chinkhonde ndi Chitumbuka. Mwana akamatsanzika, anene kuti "adada" ndi "amama" ngati kwawo amatero, mawu omasulira alembedwe pansi.

Nyengo ya kuno mukuidziwa. Nkhungu ya m'mawa mu June ndi July imakupatsani utsi waulere, koma chinyezi chimalowa m'magalasi a kamera, ndiye muziisunga m'chikwama chotseka bwino. Mabatire akhale awiriawiri, magetsi sapangana. Malipiro a aliyense alembedwe papepala, nsima ifike nthawi yake, ndipo nyimbo ya munthu wina musaiike musanamvane naye kapena ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso.

Mukamaliza kulumikiza, oyamba kuonera akhale a m'mudzi umene munajambulamo ndi mabanja amene anakupatsani nkhani. Nsalu yoyera, pulojekita, jenereta iikidwe patali. Inu mukhale kumbuyo, muziyang'ana anthu osati filimu. Pamene aseka pomwe munthu akufa, wosewerayo wawonjeza. Dulani pamenepo, afe msanga kapena afere kunja kwa chithunzi. Pamene ayamba kuyankhulana okhaokha, mwatalikitsa. Akakuuzani kuti nyimbo ija sinkaimbidwa choncho, ajambuleni akuimba iwowo.

Mukakonza zimenezo, ipititseni ku Censorship Board isanaonetsedwe pagulu. Yambani ndi holo ya matikiti, makamaka chakumayambiriro kwa March kapena mu November pamene dziko limakumbukira asilikali amene anafera kunkhondo, kenako sukulu ndi makoleji, kenako wailesi za kanema. YouTube ikhale yomalizira, ndipo musapatse aliyense filimuyo pa flash isanafike nthawi imeneyo, chifukwa ikangolowa m'malo obenera nyimbo a mumsika, palibenso amene adzagule tikiti.