Mmene goloboyi wa hockey ya pa ayezi amatchingira mashoti

Ngakhale kuno ku Mzuzu kumazizira kwambiri mu June ndi July, madzi saundana moti munthu n'kuyendapo, choncho hockey ya pa ayezi timangoionera pafoni kapena pakanema. Amene anazolowera magoloboyi a ku Mzuzu Stadium amadabwa kuti goloboyi wa masewerawa sadziponya kawirikawiri, ndipo chifukwa chake ndi kuchepa kwa nthawi. Puck, imene amaseweretsa m'malo mwa mpira, ndi kachimbale ka labala wolimba kolemera pafupifupi magalamu 170, ndipo katswiri akaimenya mwamphamvu imathamanga kupitirira makilomita 160 pa ola; wosewera wina, Zdeno Chara, anaifikitsa pa makilomita 175 pa ola mu 2012. Kuchokera pa mzere wabuluu wodutsa m'bwalo chapatali ndi golo kufika pagolopo sitenga ngakhale theka la sekondi, kotero kuti wodikira kuiona ikubwera kenako n'kusuntha amakhala atachedwa kale.

Yambani ndi poima. Khalani molunjika pakati pa puck ndi pakatikati pa golo, osati moyang'anizana ndi thupi la womenya, chifukwa puck imakhala kumapeto kwa ndodo, chapambali pake. Golo ndi la mamita 1.83 m'lifupi ndi 1.22 kupita m'mwamba, ndipo mukasendera kutsogolo mpaka m'mphepete mwa malo opakidwa buluu a kutsogolo kwa golo, mpata umene womenya akuuona umachepa. Mukatuluka kwambiri, komabe, iye amangopatsira mnzake kumbali inayo, golo n'kutsala pululu.

Maso anu akhale pa kumapeto kopindika kwa ndodo, chifukwa mutu ndi mapewa a wosewera wochenjera zimanamiza. Kumapetoko kukapendekera m'mwamba, puck idzauluka. Kukaivindikira, idzadutsa pansi. Wokweza ndodo kumbuyo wakuchenjezani kale, koma womenya ndi mphamvu ya m'manja yokha sapereka chizindikiro chachikulu, ndipo ameneyu ndiye woopsa. Mapazi anu akhale ataima kale pamene puck ikuchoka pandodo, pakuti goloboyi amene akadali kutsetsereka sangabwerere mbali inayo msanga.

Mashoti apansi amatsekedwa ndi njira ya butterfly, imene goloboyi Glenn Hall anali mmodzi mwa oiyambitsa, ndipo inatchuka ndi Patrick Roy wa Montreal Canadiens m'zaka za m'ma 1980, mothandizidwa ndi mphunzitsi François Allaire. Gwetsani mawondo onse pa ayezi, zotchingira miyendo zigone chammbali, ndodo itseke mpata wa pakati pa miyendo, chifuwa chikhale chowongoka. Vuto la ophunzira ambiri ndi kugwada msanga, womenya asanamasule puck, motero amamusiyira makona onse am'mwamba.

Kutchinga kokha sikukwanira ngati puck yabwerera pakati pa osewera. Imene mungathe igwireni ndi gulovu, ina muikankhire kukona ya bwalo pogwiritsa ntchito chotchingira cha dzanja logwira ndodo. Adani akaima dala kutsogolo kwanu kuti akutsekeni maso, weramani kapena suzumirani chammbali mpaka muipeze, ndipo musaope kuitsata ndi nkhope mpaka ikugundeni, pakuti chigoba chakumaso chimakutetezani. Chigoba chakumaso chinazika mizu mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku America ndi Canada, kuyambira pa 1 November 1959, pamene goloboyi Jacques Plante anavulazidwa kumaso ndi shoti ya Andy Bathgate, nakana kubwerera m'bwalo asanachivale.